Betta Akamalimbana ndi Nsomba Zinzake M'thanki: Kupeza Gwero la Vuto ndi Kulikonza

Vuto limene anthu oweta nsomba ya betta kuno ku Johannesburg amakumana nalo kawirikawiri limayamba mofanana pafupifupi nthawi zonse. Munthu amagula betta mmodzi wamphongo chifukwa cha maonekedwe ake okongola, ndipo pakatha masabata angapo amayamba kumumvera chisoni kuti akukhala yekha, choncho amabwerera kusitolo kukamugulira anzake. Masiku oyamba zonse zimaoneka bwino, koma posakhalitsa mchira wa betta umapezeka wang'ambika, kapena kansomba kena kamapezeka katafa m'mawa, kapenanso betta yemweyo amasiya kudya n'kumangobisala kuseri kwa fyuluta, kachipangizo kosefa madzi. Mwiniwake amagula nsomba zina zolowa m'malo mwa zakufazo, ndipo vutolo limabwereranso. Mlandu umagwera betta chifukwa chakuti amadziwika ngati nsomba yandewu, koma nthawi zambiri gwero lenileni limakhala thanki yochepa, madzi ozizira, kapena nsomba zimene zinasankhidwa potengera kukongola kwake kokha. Kusintha nsomba musanadziwe chimene chikuchitika m'madzimo n'kutaya ndalama chabe.

Betta splendens, monga anaitchulira katswiri Charles Tate Regan mu 1910, kwawo ndi ku Thailand ndi mayiko oyandikana nawo, m'madambo, m'ngalande ndi m'minda ya mpunga momwe madzi amakhala osaya, ofunda, odekha komanso odzaza ndi zomera. Ili ndi chiwalo chapadera m'mutu chimene chimaithandiza kupuma mpweya wapamwamba pa madzi, ndipo n'chifukwa chake imakhala moyo m'kabotolo kam'sitolo momwe nsomba zina zingafe tsiku lomwelo. Wamphongo amadzisankhira malo ake pafupi ndi pamwamba pa madzi, amamanga chisa cha thovu, ndipo amateteza malowo kwa chilichonse chimene akuchiona ngati mdani. Anthu a ku Thailand anaiweta kwa zaka zambiri kuti izimenyana, zimene zinawonjezera ukali wake, ndipo mu 2019 dzikolo linaisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira fuko lawo. Mfundo yofunika pa zonsezi ndi yakuti betta sasowa mnzake. Amene amasungulumwa poona thanki ya nsomba imodzi ndi mwini thankiyo, ndipo nsomba zina zikamaikidwamo zimaikidwa chifukwa cha maso athu, kotero udindo woonetsetsa kuti zikukhala mwamtendere ndi wathu.

Yambani ndi kudziwa amene akuvulaza mnzake

Musanachotse nsomba iliyonse, khalani pansi pamtunda wa mamita 2 kuchokera pa thanki ndipo muziyang'ana kwa mphindi 20 osasuntha. Mukaima pafupi ndi galasi, nsomba zonse zimabwera kutsogolo poyembekezera chakudya ndipo khalidwe lawo lenileni silioneka. Chitani zimenezi m'mawa nyali itangoyatsidwa, pa nthawi ya chakudya, komanso usiku nyali itazimitsidwa, pogwiritsa ntchito tochi yosawala kwambiri, chifukwa kulumana kwambiri kumachitika pa nthawi imene eni nyumba ali kuntchito kapena ali mtulo. Ngati mumachoka m'mamawa n'kubwera usiku, monga zimakhalira kwa ambiri a ife, siyani foni yakale ikujambula kwa ola limodzi, ndipo idzakuonetsani zimene maso anu sanaone.

Mmene chipsepse chawonongekera zimanenanso zambiri. Ngati kumapeto kwa mchira kwabenthuka tizigawo tating'ono tosiyanasiyana ndipo m'mphepete mwa bala muli moyera, ndiye kuti pali nsomba imene ikuluma. Ngati m'mphepete mwa chipsepse mwada, mwatuwa kapena mwafiira, ndipo chipsepsecho chikufupika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, amenewo ndi matenda owoletsa zipsepse, omwe amabwera chifukwa cha madzi akuda kapena ozizira, ngakhale kuti nthawi zina amalowera pa bala la kulumidwa. Kung'ambika kwakutali kotsata mizere ya chipsepse kumachokera ku maluwa a pulasitiki olimba, ku miyala yakuthwa, kapena ku paipi yokoka madzi ya fyuluta. Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri: betta wa mchira waukulu kwambiri, makamaka wa mtundu wa halfmoon, nthawi zina amadziluma yekha mchira, ndipo gawo lalikulu limasowa usiku umodzi ngakhale m'thanki mulibe nsomba ina. Zikatero, kuchotsa nsomba zinzake sikungathandize chilichonse. Chofunika ndi kuchepetsa mphamvu ya madzi otuluka mu fyuluta ndi kumuikira masamba otakata pafupi ndi pamwamba kuti azipumirapo.

Pamene betta ndiye akulumidwa

Zimenezi zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Betta wa zipsepse zazitali amasambira pang'onopang'ono, ndipo kwa nsomba zaliwiro mchira wake ndi chinthu chokopa chimene sizingachisiye. Tiger barb ndiye woyamba pa khalidwe limeneli, ndipo serpae tetra ndi black widow tetra amatsatira. Nsomba zimenezi ndi zotchipa, zolimba, ndipo zimapezeka m'sitolo iliyonse, n'chifukwa chake zimagwera m'mathanki ambiri a anthu oyamba kumene. Palibe kakonzedwe ka thanki kamene kangazisinthe khalidwe; ziyenera kuchotsedwa basi. Zebra danio saluma kawirikawiri, koma amathamanga tsiku lonse pamwamba pa madzi, pamalo enieni a betta, ndipo amatha chakudya betta asanatsegule n'kukamwa komwe.

Neon tetra ndi nkhani yofunika kuilongosola bwino, chifukwa ena amati amakhala bwino ndi betta pomwe ena amati ndi amene anawononga mchira wa betta wawo, ndipo onsewo akunena zoona. Kusiyana kwagona pa chiwerengero. Nsomba zoyenda m'gulu zikakhala 3 kapena 4 zokha zimakhala ndi mantha komanso zimasowa zinzake zolimbana nazo, kotero zimatembenukira kwa betta. Zikakhala 8 kapena 10, kuthamangitsana kwawo kumathera m'gulu lawo lomwelo. Choncho nthawi zina mankhwala a vutoli ndi kuwonjezera nsomba za mtundu womwewo, koma pokhapokha thanki ikakhala yokwanira. Munthu amene wagula mitundu 4 ya nsomba, uliwonse ziwiriziwiri, wapanga thanki imene nsomba iliyonse ili pamavuto. Zikanakhala bwino akanagula mtundu umodzi wokha, nsomba 8.

Kwa ife ochokera ku Malawi pali chiyeso china chapadera. Ukalowa m'sitolo ya nsomba ku Randburg kapena ku Edenvale n'kuona thanki yolembedwa kuti Malawi cichlids, yodzaza ndi mbuna zachikasu ndi zabuluu zochokera ku nyanja yathu, mtima umafuna kutengako ziwiri kuti kunyumba kukhale kachikumbutso ka ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay. Kunyadira kumeneko n'koyenera, pakuti nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ilembedwe ndi UNESCO mu 1984 ngati malo ofunika padziko lonse, koma mbuna ndi betta sizingakhale m'thanki imodzi ngakhale kwa sabata. Mbuna zimakhala m'miyala, zimateteza malo awo mwaukali woposa wa betta, zili ndi mano okokotera ndere pamiyala, ndipo zambiri zimakula kufika masentimita 10 kapena kuposa. Ngakhale Labidochromis caeruleus, yachikasu ija imene amati ndi yofatsa pakati pa mbuna, imamaliza zipsepse za betta m'masiku ochepa. Madzi akenso ndi osiyana: a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH (muyezo wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa) ya pafupifupi 8 kapena kuposerapo, pomwe betta amakonda pH ya pakati pa 6.5 ndi 7.5. Amene akufuna mbuna azikonzere thanki yawoyawo ya malita 200 kapena kuposa, yodzaza ndi miyala.

Goldfish nayenso asaikidwe ndi betta. Amafuna madzi ozizirirapo, a madigiri 18 mpaka 22, amakula kwambiri, ndipo amadetsa madzi mofulumira.

Pamene betta ndiye akuthamangitsa anzake

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo ma betta amphongo awiri m'thanki imodzi amamenyana mpaka mmodzi kufa kapena kuvulala kotheratu, kaya thankiyo ndi yaikulu motani m'nyumba wamba. Wamphongo ndi wamkazi amakumanitsidwa pa nthawi yobereketsa yokha, ndipo wamkazi amachotsedwa akangoikira mazira. Chimene chimapusitsa anthu ndi betta wa mtundu wa plakat, amene ali ndi zipsepse zazifupi, moti wamphongo amatha kugulitsidwa molakwika ngati wamkazi. Kuweta aakazi okhaokha pamodzi n'kotheka m'thanki ya malita 75 kapena kuposa, akakhala 5 kapena kupitirira komanso zomera zikakhala zambiri, koma mtendere wake ndi wosadalirika ndipo umatha kusweka patapita miyezi. Sindingalangize munthu woyamba kumene kuti ayesere.

Kupatula ma betta anzake, betta amalimbana ndi chilichonse chofanana naye. Dwarf gourami ndi ma gourami ena ndi a banja limodzi ndi betta, amapumanso mpweya pamwamba, ndipo amafuna malo omwewo. Guppy wamphongo wa mchira waukulu wamawangamawanga amaoneka kwa betta ngati mdani wamng'ono, ndipo nthawi zambiri ndiye amene amapezeka atafa m'mawa. Angelfish amayamba ali wamng'ono n'kumathamangitsidwa, koma akakula zinthu zimatembenuka ndipo betta ndiye amavutika. Ma shrimp (tizilombo ta m'madzi tachibale ndi nkhanu) ang'onoang'ono ofiira, a mtundu wa cherry, kwa betta ndi chakudya, pakuti kuthengo amadya tizilombo ndi mphutsi za udzudzu; kuwadya kwake si nkhanza ayi, ndi chilengedwe chake.

Si kuthamangitsa kulikonse kumene kuli vuto. Betta akatambasula zipsepse n'kufufumitsa zophimba za m'mbali mwa mutu kwa nsomba yatsopano, n'kuithamangitsa pang'ono kenako n'kuisiya, akungoonetsa malire ake, ndipo zimenezi zimachepa pakatha masiku 2 kapena 3. Choopsa ndi pamene akusaka nsomba imodzi mosalekeza, kuitsata mpaka kumene yabisala, kapena pamene nsomba zinazo zaunjikana pakona imodzi, zatuwa, ndipo sizikutulukira kudzadya. Pamenepo musadikire kuti zizolowerane. Alekanitseni tsiku lomwelo.

Njira yothandiza kwambiri pa betta waukali wapakatikati ndi kumutchingira maso. Betta amalimbana ndi chimene akuchiona, choncho thanki yopanda kanthu, momwe akuona kuchokera mbali imodzi kufika mbali ina, imamuchititsa kuganiza kuti malo onsewo ndi ake. Dzalani zomera zambiri mpaka muyambe kuona ngati zachuluka, makamaka Java fern ndi Anubias, zomwe sizifuna kuwala kwambiri ndipo zimamangiriridwa pa mtengo kapena pa mwala m'malo mokwiriridwa mumchenga. Ikani mtengo wa m'madzi pakati kuti ugawe thankiyo pawiri. Zomera zoyandama zimamukhazika mtima pansi chifukwa zimachepetsa kuwala, koma samalani ndi zimene mwatola kunja: namasupuni, amene timamudziwa bwino pa mtsinje wa Shire ndipo wadzaza pa Hartbeespoort Dam, ndi woletsedwa kusunga kapena kugulitsa muno mu South Africa, chimodzimodzinso water lettuce ndi Kariba weed. Gulani zomera zanu kusitolo yodziwika.

Dongosolo loikira nsomba nalonso limasintha zinthu. Betta amene wakhala yekha m'thanki kwa miyezi amaona nsomba iliyonse yatsopano ngati yolowerera. Ndi bwino kuti nsomba zinazo zilowe poyamba, zikhazikike kwa masabata 2, ndipo betta abwere pomaliza. Ngati betta ali kale m'thankimo, muchotseni n'kumuika m'chidebe choyera chokhala ndi madzi a m'thanki momwemo, sinthani malo a zomera ndi miyala yonse, ikani nsomba zatsopano, ndipo pakatha ola limodzi mubwezereni nyali itazimitsidwa. Amaona ngati wafika pamalo achilendo pamene ena anafika kale. Njirayi imagwira ntchito pa ma betta ambiri koma osati onse, chifukwa mitima yawo ndi yosiyana: alipo amene amakhala ndi ma shrimp osawakhudza, ndipo alipo amene amaluma ngakhale nyanga za nkhono.

Nsomba zimene zili ndi mwayi wokhala naye

Kukula kwa thanki ndiko kumalamula zonse. M'thanki ya malita 20 betta akhale yekha, kapena ndi nkhono imodzi ya mtundu wa nerite, imene imadya ndere pagalasi ndipo mazira ake saswa m'madzi opanda mchere, kotero siingachulukane. Pa malita 40 mungathe kuika gulu limodzi la nsomba zing'onozing'ono. Pa malita 60 kufika 80 mungaike magulu awiri, lina lapansi ndi lina lapakati. Thanki yaitali m'mbali imaposa yaitali m'mwamba ngakhale malita atafanana, chifukwa chimene nsomba zimalimbirana ndi bwalo, ndipo betta ayenera kufika pamwamba mosavuta kuti apume.

Nsomba zapansi ndizo zodalirika kwambiri, popeza sizikumana ndi betta kawirikawiri. Corydoras, tinsomba tating'ono ta ndevu ta banja la mlamba tochokera ku South America, tili ndi khungu lolimba, tilibe chidwi ndi zipsepse za wina, ndipo tiyenera kukhala 6 kapena kuposa pamchenga wosalala kuti ndevu zawo zisaperepeseke. Apa pali msampha umodzi: si Corydoras onse amene amakonda madzi ofunda a betta. A mtundu wa panda amafuna madzi ozizirirapo ndipo amafooka akakhalitsa pa madigiri 27, pomwe a mtundu wa sterbai amapirira kutentha kumeneko bwino lomwe. Kuhli loach, wooneka ngati kanjoka ka mizere, amachokera kudera lomwelo la kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, amatuluka usiku, ndipo amafuna mobisala mwambiri. Otocinclus ndi wofatsa kwambiri, koma amafa ndi njala m'thanki yatsopano imene ilibe ndere, choncho adikire thanki itakwanitsa miyezi ingapo.

Pakati pa madzi, harlequin rasbora ndiye amene ndingamuike patsogolo pa onse, chifukwa amakonda madzi ofanana ndi a betta, alibe zipsepse zazitali, ndipo saluma. Ember tetra, kansomba kofiirira kosapitirira masentimita 2, nakonso kamachita bwino kakakhala m'gulu la 8 kapena 10, malinga betta wanu asakhale wamkulu kwambiri ndi wolusa. Amano shrimp ndi wamkulu kuposa cherry ndipo nthawi zambiri amapulumuka, makamaka m'thanki ya zomera zambiri. Chenjerani ndi nsomba imene imagulitsidwa ngati yotsuka galasi: common pleco amagulidwa ali masentimita 5 koma amafika 30 kapena kuposa, ndipo Chinese algae eater akakula amasiya ndere n'kuyamba kuyamwa matupi a nsomba zoyenda pang'onopang'ono.

Nsomba zikamafa popanda bala

Apa ndi pamene betta amanamiziridwa kwambiri, ndipo apa ndi pamene Johannesburg ali ndi mavuto akeake. Ngati nsomba yafa thupi lake lili losang'ambika, kapena ngati mwaona betta akujompha nsomba yakufa kale, musafulumire kunena kuti ndiye wapha. Yambani ndi kuyeza kutentha kwa madzi. Betta amafuna madigiri 25 mpaka 27, koma mu Juni ndi Julayi usiku wa kuno umazizira kufika madigiri 4 kapena kutsikirapo, ndipo pa 10 Julayi 2023 kunagwa chipale chofewa mumzinda muno. Nyumba zambiri sizinamangidwe mosunga kutentha, makamaka zipinda zakuseri zofolera malata zimene ambiri timachita lendi ku Rosettenville, ku Turffontein kapena ku Cosmo City. Thanki yopanda hita imatsika pansi pa madigiri 20, betta amafooka n'kugona pansi, ndipo nsomba zimene zinkamuopa zimayamba kumuluma. N'chifukwa chake thanki imene inali pamtendere kuyambira Novembala mpaka Epulo imasokonekera nyengo yozizira ikafika. Hita iyenera kukhala ndi mphamvu ya watt imodzi pa lita iliyonse, kapena kuposerapo pang'ono m'chipinda chozizira, ndipo musadalire manambala olembedwa pa hitayo. Ikani choyezera kutentha mbali ina ya thanki n'kuchiwerenga m'mamawa dzuwa lisanatuluke.

Chachiwiri ndi madzi a m'mpopi. Madzi a mumzinda muno amachokera ku Vaal Dam kudzera ku bungwe logawa madzi la Rand Water, ndipo kuwonjezera pa klorini amathiridwanso kloramini kuti akhalebe abwino paulendo wautali wa m'mapaipi. Kwa anthu ndi madzi abwino, koma kwa nsomba ndi poizoni. Njira yakale yosiya madzi m'ndowa usiku wonse imachotsa klorini, koma kloramini sachoka choncho, ndipo betta, amene amapuma mpweya wapamwamba, amatha kupirira pomwe ma tetra ndi ma rasbora akufa. Gwiritsani ntchito mankhwala okonzera madzi amene pa botolo pake palembedwa kuti amachotsa zonse ziwiri, nthawi iliyonse imene mukusintha madzi. Madzi akabwerera pambuyo poti anasiya kwa masiku, musawathire m'thanki tsiku lomwelo. Dikirani ayere kaye. Amene akusamalira thanki ya abwana awo kuntchito afunse ngati nyumbayo ikugwiritsa ntchito madzi a pachitsime chokumba, chifukwa madzi amenewo amasiyana kwambiri ndi a m'mpopi ndipo ayenera kuyezedwa.

Chachitatu ndi mpweya. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi amasunga mpweya wocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Cape Town. Madzi ofunda amasunganso wochepa kuposa ozizira. Choncho thanki imene ingakhale yabwino kugombe imakhala yothithikana kuno, ndipo magetsi akazima, monga zinkachitikira pafupifupi tsiku lililonse mu 2023, nsomba zinzake za betta ndizo zimayamba kupuma movutika pamwamba iye ali bwinobwino. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotchipa ndipo kamapulumutsa gulu lonse. Pa nthawi yozima magetsi m'nyengo yozizira, fundikani thanki ndi bulangeti, musadyetse nsomba, ndipo ngati magetsi achedwa kwambiri yandamitsani botolo lotsekedwa la madzi ofunda. Ngati fyuluta yaima kwa maola ambiri, tsukani siponji yake m'madzi ochokera m'thanki musanaiyatsenso.

Chachinayi ndi kuika nsomba zambiri nthawi imodzi. Mu fyuluta mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasintha amoniya wochokera m'ndowe za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate, ndipo tizilomboti timachuluka molingana ndi nsomba zimene zilimo. Fyuluta imene yakhala ikusamalira betta mmodzi siingathe kusenza nsomba 12 zobwera tsiku limodzi. Thanki yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti ikhwime. Gulani zoyezera madzi: amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0, ndipo nitrate asapitirire 20 kapena 30 ppm (mamiligiramu pa lita imodzi ya madzi). Ngati amoniya kapena nitrite zaoneka, sinthani theka la madzi tsiku lomwelo ndipo mubwereze tsiku lililonse mpaka zitatsika. Zinthu zikakhala bwino, kusintha gawo limodzi mwa magawo 4 sabata iliyonse n'kokwanira. Siponji ya fyuluta isatsukidwe pampopi, chifukwa mankhwala a m'madziwo amapha tizilombo tothandizato.

Nsomba zatsopano zimabweretsanso matenda, makamaka a timadontho toyera, amene amabuka msanga madzi akazizira mwadzidzidzi. Kuzisunga pazokha kwa masabata 2 mpaka 4 m'chidebe chokhala ndi hita ndi fyuluta yaing'ono kumateteza betta. Mukafika pothira mankhwala, kumbukirani kuti okhala ndi kopa amapha nkhono ndi ma shrimp, ndipo kuhli loach ndi Corydoras sapirira mchere wambiri kapena mlingo wonse wa mankhwala ena a timadontho toyera. Nthawi zambiri ndi bwino kuchotsa nsomba yodwalayo n'kuichiritsira padera, kupatula pa matenda a timadontho toyera, omwe amafuna kuti thanki yonse ithiridwe mankhwala oyenera nsomba zonse zimene zilimo.

Chakudya chimayambitsa ndewu zambiri zimene zimaoneka ngati zilibe chifukwa. Betta amadyera pamwamba ndipo amafuna chakudya cha nyama, pomwe Corydoras ndi kuhli loach amadikira chimene chamira. Mukamwaza chakudya pamalo amodzi, onse amakumana pamenepo, ndipo betta wosusuka amatsika pansi kukadya mapiritsi a anzake mpaka mimba kutupa n'kuyamba kusambira chopendekera. Muzolowetseni kudyera pakona imodzi, timibulu 3 kapena 4 kawiri pa tsiku, ndipo pa nthawi yomweyo mwazani chakudya cha nsomba zapakati kumbali ina. Mapiritsi omira aikidwe nyali itazimitsidwa. Thanki ikhale ndi chivundikiro nthawi zonse, pakuti betta wothamangitsidwa amadumphira kunja, ndipo nkhono ya nerite nayo imakwera galasi n'kutuluka.

Ngati mwakonza kutentha, madzi, zomera ndi chiwerengero cha nsomba koma pakatha sabata betta akusakabe anzake, ndiye kuti muli ndi betta amene ayenera kukhala yekha. Chotchinga cha pulasitiki chokhala ndi timabowo chimathandiza kwa masiku ochepa, malinga chikhale chosaonekera mbali ina ndipo chifike pachivundikiro, koma njira yokhalitsa ndi thanki yachiwiri ya malita 20 yokhala ndi hita yakeyake, ndipo ndi nzeru kukhala nayo musanagule n'komwe nsomba zoonjezera. Masitolo ena amalandira nsomba zobwezedwa kapena kuzisinthanitsa, choncho funsani za zimenezi pa tsiku logula, ndipo magulu a oweta nsomba a ku Gauteng pa Facebook ali ndi anthu amene amatenga nsomba zotere. Musazitaye mu mtsinje wa Jukskei, ku Zoo Lake kapena ku Emmarentia Dam: malamulo a dziko lino oteteza zachilengedwe amaletsa kutaya zamoyo zachilendo m'madzi, ndipo ma pleco othawa m'mathanki akhazikika kale m'mitsinje ya kufupi ndi Richards Bay ku KwaZulu-Natal. Betta wovulalayo muikeni m'madzi oyera a madigiri 26, muzisintha pang'ono masiku awiri alionse, ndipo mungaikemo tsamba louma la mtengo wa Indian almond. Pakatha masabata 2 kapena 3 m'mphepete mwa mchira mumayamba kuoneka kachipsepse katsopano koonekera ngati galasi, ndipo mtundu wake umabwerera pakapita miyezi ingapo.